Dzanja losema mthiko ndi lomwelo logwira khasu

Mawu omwe tinayankhula kwa alimi a m'makalabu pa maphunziro a ntchito za m'chilimwe



Lero sitinabwere ndi nkhani ya feteleza kapena ya misika ya mbewu. Tabwera ndi nkhani ya mthiko, chipande ndi supuni yamtengo. Tikudziwa kuti ena mukuseka chamumtima, kuti kodi anthu akuluakulu angasonkhane chifukwa cha mthiko? Koma tatiuzeni, ndi nyumba iti m'mudzi muno yomwe inagona dzulo mthiko usanalowe mumphika? Pamaliro, paukwati, pachinkhoswe, kusukulu komwe ana amadya phala, konseko mthiko ndi chipande zimafunika. Zimatha, zimathyoka, zimapsa pamoto, ndipo mayi amagulanso zina. Kwa mlimi yemwe ali ndi mpeni komanso mitengo pakhomo, iyi ndi ntchito yoti ingamupezere ya sopo, mchere ndi makope a ana m'miyezi yomwe ndalama ya zokolola yatha.

Komabe chomwe chatidzutsa kwenikweni ndi china. M'kalabu ina yomwe timagwira nayo ntchito, mnzathu wina ankasema chipande madzulo ena mu Okutobala. Anaika chipandecho m'chikhatho cha dzanja lamanzere n'kumagoba ndi nsonga ya mpeni. Mpeni unaterereka n'kulowa m'munsi mwa chala chachikulu. Bala linali lakuya ndipo anakasokedwa kuchipatala. Mvula yoyamba inagwa iye ali ndi bandeji. Mizere inali isanathe kuunga, ndipo banjalo linagulitsa mbuzi kuti lilipire aganyu. Chipande chomwe chikanagula paketi ya mchere chinadya mbuzi yathunthu.

Ndiye mfundo yathu lero ndi imodzi. Dzanja losema mthiko ndi lomwelo lomwe limagwira khasu, kudzala, kupalira ndi kukolola. Mlimi alibe dzanja lapadera losinthira. Kusema kuli ndi phindu pokhapokha ngati mwamaliza ntchito zala zonse zili bwinobwino. Tikambirana za mtengo, zida, kakhalidwe, magwiridwe a mpeni ndi zoyenera kuchita ngozi ikagwa.

Mtengo woyenera

Mthiko kapena chipande sizifuna kugwetsa mtengo. Nthambi yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu ndi yokwanira, ndipo mukaiwaza pakati imatulutsa zipangizo ziwiri. Choncho yambani ndi nthambi zomwe mumadula kale podulira mitengo yanu. Gwafa ndi wolimba ndipo amasalala bwino. Mango, malalanje, mandimu ndi mapichesi nazonso ndi zabwino, kungoti amene khungu lawo limayabwa akakhudza utomoni wa mango asankhe mtengo wina. Malaina ndi ofewa, osalemera, abwino kwa munthu yemwe akuphunzira. Nsungwi yokhwima imapanga timithiko tophwatalala tovundulira ndiwo, koma samalani chifukwa nsungwi yowaza kumene imacheka ngati lumo. Bulugamu amakonda kung'aluka akamauma, ndipo paini ali ndi utomoni womwe umasiya fungo m'chakudya.

Pali mitengo ina yomwe isayandikire mphika. Mwavi tonse tikuudziwa kuti ndi poizoni. Nkhadze ndi mitengo ina yotuluka utomoni woyera wootcha isiyeni. Matabwa ndi mapolo othiridwa mankhwala oteteza chiswe, kapena matabwa opakidwa penti, si oti n'kusemera chinthu cholowa m'chakudya cha ana anu. Mtengo womwe simukuudziwa funsani akuluakulu a m'mudzi. Paja safunsa anadya phula.

Semani mtengo ukadali wauwisi. Mtengo wauwisi ndi wofewa, mpeni umayenda mosavuta, ndipo simuchita kukankha ndi mphamvu zonse. Ngozi zambiri zimabwera pamene munthu akulimbana ndi mtengo wouma gwa. Pewaninso nthambi ya mfundo zambiri, chifukwa pamfundo mpeni umakakamira kenako n'kudumpha. Mukawaza nthambi, chotsani kamtima kofewa kaja ka pakati, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Mukapeza nthambi yokhota pang'ono, musaitaye. Imeneyo ndiyo ya chipande, chifukwa kukhota kwa chipandecho kumatsatira kukhota kwa mtengo ndipo khosi lake silithyoka msanga.

Tinenepo za malamulo. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakwezedwa, sililola munthu kudula mtengo m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Lamulo lomwelo limavomereza kuti mtengo womwe munthu wausamalira pamalo pomwe ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito ndi wake, ndipo angathe kupindula nawo mosaononga. Nkhalango ya m'mudzi ili ndi komiti yake yoona zachilengedwe pamodzi ndi amfumu, ndipo ndi bwino kuyamba mwapempha kumeneko. Mitengo monga mphingo, mlombwa ndi mbawa ikusowa. Mphingo unalowa mu 2017 pa mndandanda wa mgwirizano wa mayiko wotchedwa CITES, womwe umayang'anira malonda a mitengo ndi nyama zomwe zili pachiopsezo, ndipo mayiko anagwirizana mu 2022 kuwonjezerapo mlombwa ndi mbawa. Mitengo yotenga zaka zambiri kuti ikule si yothera mithiko pamene gwafa ali kuseri kwa nyumba.

Zida

Simufunika zida zambiri. Kankhwangwa kapena kasemasema, mpeni, mwala wonolera ndi chitsa chosemerapo n'zokwanira poyamba. Mpeni wabwino wosemera ndi waufupi, wotalika ngati chala chanu chamkombaphala kapena kupitirira pang'ono, wa chigwiriro chodzaza dzanja komanso chosagwedera. Mpeni wautali wa kukhitchini umavuta kuuwongolera ndipo nsonga yake imafika komwe simunaganize. Mpeni wopinda wopanda chokhomera ndi woopsa chifukwa umatha kutsekeka n'kudula zala zomwe zaugwira.

Ena amaganiza kuti mpeni wobuntha ndiwo wosavulaza. Si choncho ayi. Mpeni wobuntha umafuna mphamvu, ndipo mphamvuyo ndi imene imauponya patali ukapulumuka. Mpeni wakuthwa umamvera dzanja. Nolani pamwala wonyowa mbali zonse mofanana, kenako mupukutire pa lamba wachikopa wakale, mukukokera kumsana kwa mpeni. Poyesa kuthwa musagwiritse ntchito chala. Yesani pa kamtengo. Ukamatulutsa tizipalapala topyapyala topotana, ndipo posemapo pakuwala, ndiye kuti wathwa. Mukamaliza, mpeni ulowe m'chimake, ngakhale cha katoni kapena chidutswa cha paipi, osati kuusiya pamphasa pomwe mwana akukwawa.

Kakhalidwe posema

Khalani pa mpando wosagwedera, mapazi onse atsamire pansi, pamalo powala bwino. Musaseme kukuda, mutatopa, mutakwiya kapena mutalawako mowa. Tambasulani mkono wogwira mpeni n'kuuzunguza pang'onopang'ono. Malo onse omwe mpeniwo ukufika pasakhale munthu. Ana amakonda kuunjikana pomwe bambo akusema, ndiye auzeni akhale patali n'kumaonera. Wina akakuitanani, yambani mwaimitsa mpeni musanacheuke.

Tsopano mvetserani bwino apa. Mkati mwa ntchafu iliyonse mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi wopita kumwendo. Mtsempha umenewu ukaduka, munthu atha kutaya moyo m'mphindi zochepa, njinga yopita kuchipatala isanapezeke n'komwe. Choncho musasemere pantchafu kapena pakati pa miyendo. Ntchito yanu ichitikire kutsogolo kwa maondo, zigongono zitatsamira pamaondopo, kapena kumbali kunja kwa mwendo.

Pali funso limodzi lomwe tikufuna aliyense apite nalo kwawo. Musanakankhe mpeni, dzifunseni kuti, kodi mpeniwu ukaterereka ukaima pati? Ngati yankho ndi m'malere, pachitsa kapena pamtengo womwewo, pitirizani. Ngati yankho ndi pachala, m'chikhatho, pamimba kapena pantchafu, sinthani kagwiridwe. Magwiridwe onse omwe tikuonetseni akuyankha funso limeneli.

Yambani ndi nkhwangwa

Ntchito yaikulu yochepetsa mtengo si ya mpeni. Jambulani mthiko kapena chipande ndi khala pa mbali yowazayo, kenako imikani mtengowo pachitsa. Dzanja logwira mtengo likhale pamwamba, ndipo nkhwangwa isakwere kupitirira dzanjalo. Igwireni pafupi ndi mutu wake n'kumatema pang'onopang'ono, kuyambira m'munsi kukwera, kenako n'kusesa zipalapalazo kutsika. Mukafika pakati, tembenuzani mtengo m'malo moyandikira zala. Temerani pakati pa chitsa kapena chakutsogolo kwake, kuti nkhwangwa ikaphonya ilowe m'chitsamo osati pabondo. Ena timapondera mtengo ndi phazi posema ndi kasemasema. Phazi lopanda nsapato pafupi ndi kasemasema ndi ngozi yongodikira tsiku.

Dziwaninso kuti mtengo uli ndi njira yake, monga mmene ulusi wa nzimbe umayendera kutsata utali wake. Mpeni umayenda bwino kuchokera ponenepa kutsikira popyapyala. Mukaona kuti mpeni ukukumba n'kumang'amba, mukulimbana ndi njira ya mtengo. Musawonjezere mphamvu. Tembenuzani mtengo n'kusema kuchokera mbali inayo. Pakhosi pa chipande, pomwe mutu umakumana ndi chogwirira, semani kuchokera mbali zonse ziwiri kuti mukumane pakati.

Magwiridwe 6 a mpeni

Tifotokoza ngati kuti mpeni uli kudzanja lamanja. Amanzere mungotembenuza.

Koyamba ndi kusemera kumbali. Gwirani mtengo ndi dzanja lamanzere chakumtunda, mtengowo uloze pansi kunja kwa ntchafu ya kumanja. Mkono wogwira mpeni uwongoke, chigongono chisapindike, ndipo mphamvu ichokere paphewa kutsikira pansi. Dzanja logwira mtengo lili kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse, ndipo mpeni ukapulumuka umathera m'malere. Kagwiridwe aka ndi kochotsera nyama yambiri pa chogwirira cha mthiko.

Kachiwiri ndi kutsamiritsa pabondo. Kanikizani dzanja logwira mpeni kutsogolo kwa bondo, kuthwa kwa mpeni kuloze kutali ndi inu. Apa mpeni suyenda. Chomwe chimayenda ndi mtengo, womwe mumaukoka chakumbuyo ndi dzanja linalo. Popeza mpeni waima malo amodzi, ulibe koti udumphire. Kagwiridwe aka kamathandiza achikulire komanso aliyense yemwe mkono wake umatopa msanga.

Kachitatu ndi ka pachifuwa. Manja onse akhale pafupi ndi chifuwa, zikhatho ziyang'ane kumwamba, mpeni ndi mtengo zipingasane ngati sizasi, kuthwa kuloze kunja, kutali ndi dzanja logwira mtengo. Kenako tambasulani chifuwa, mapewa abwerere m'mbuyo, mikono ikutsetsereka panthiti, monga amachitira tambala akafuna kulira. Mphamvu imachokera kumsana ndipo ndi yambiri, koma mpeni umayenda pang'ono chabe chifukwa mikono yagwidwa ndi nthiti. Onetsetsani kuti kumanja kwanu kulibe munthu.

Kachinayi ndi kukankha ndi chala chachikulu. Dzanja lamanja limangowongolera mpeni, pamene chala chachikulu cha dzanja logwira mtengo chimakankha kumsana kwa mpeniwo. Zala zina zonse zikhale kumbuyo kwa kuthwa. Mpeni sungapite patali kuposa pomwe chalacho chikufika. Kagwiridwe aka ndi ka ntchito yosamala, monga pakhosi pa chipande, m'mbali mwa mutu wa mthiko, ndi pozungulitsa nsonga ya chogwirira. Ophunzira ayambire pamenepa.

Kachisanu ndi kukokera kwa inu. Ena mudabwa, chifukwa tinakula tikuuzidwa kuti mpeni usaloze kwa mwini wake. Kagwiridwe aka kali ndi malamulo ake. Tsamiritsani mbali imodzi ya mtengo pafupa la pachifuwa, mutaikapo chikopa kapena thumba lopinda. Mbali inayo igwireni kunsonga kwenikweni, ndipo mpeni uyambire m'munsi mwa zala zimenezo. Nsonga ya mpeni iloze kumwamba ndi kupendekera kutali ndi inu. Chigongono ndi mkono zikanirire kunthiti, kotero kuti dzanja lanu limagunda thupi n'kuima mpeni usanafike pachifuwa. Chotsani tizipalapala topyapyala basi. Kagwiridwe aka kamasalaza chogwirira bwino kwambiri, koma musakayese nokha musanaonetsedwe ndi munthu wodziwa, ndipo musakagwiritse ntchito pa mtengo wolimba kapena pamfundo.

Kachisanu ndi chimodzi ndi kosenda, monga amayi amasendera mbatata kapena chinangwa. Mpeni uli m'zala zinayi, chala chachikulu chatsamira pamtengo, ndipo mumafumbata dzanja kuti mpeni uyende. Kusiyana kwake n'koti mtengo ndi wolimba kuposa mbatata ndipo umamasuka mwadzidzidzi. Choncho chala chachikulu chibisale m'munsi kapena kumbali, osati kutsogolo kwa kuthwa. Kokani ndi zala zokha, osati ndi mkono wonse. Mabala ambiri a pachala chachikulu amachokera pa kagwiridwe aka anthu akaiwala lamulo limeneli.

Mwaona kuti m'magwiridwe onsewa muli zinthu ziwiri. Mwina mpeni ukupita komwe kulibe thupi, kapena pali chinthu chouimitsa usanapite patali. Kagwiridwe kalikonse komwe kalibe chimodzi mwa ziwirizi kasiyeni, ngakhale mutaona katswiri akuchita. Yang'anani manja a akatswiri ambiri, muwerenge zipsera.

Kugoba chipande

Apa ndi pomwe mnzathu uja anavulalira. Mpeni wowongoka sunapangidwire kugoba, ndipo nsonga yake si yotokosera. Funani mpeni wokhota kunsonga kapena tchizulo chokhota. Amisiri osula zitsulo a m'misika yathu atha kukupangirani kuchokera ku tupa yakutha. Gobani mtengo usanapyapyale, ukadali ndi pogwira pokwanira. Njira yabwino koposa ndi kutema kampata pa chipika chachikulu, kulowetsamo mtengo wanu n'kuukhomerera ndi kamphako ka mtengo kuti usasunthe, manja onse n'kukhala kumbuyo kwa chitsulo. Yambirani pakati, mukudula mopingasa njira ya mtengo, n'kumakulitsa dzenje pang'onopang'ono. Ngati mukugwira m'manja, gwirani kuchogwirira kapena kunsi, zala zisatulukire pamilomo ya chipande.

Funsani amayi kuti chipande chabwino ndi chotani, chifukwa ndiwo ogula. Adzakuuzani kuti chisakhale chakuya kwambiri, milomo yake ikhale yopyapyala kuti idule nsima bwino poomola, mkati mukhale mosalala kuti chikaviikidwa m'madzi mtanda utuluke wosamatirira, ndipo khosi likhale lolimba. Mthiko ukhale wowongoka, wosabaya m'manja, wa mutu wofika m'makona a mphika, ndipo utali wake ugwirizane ndi mphika womwe udzavundule.

Kuumitsa ndi kumaliza

Musayanike padzuwa kapena pafupi ndi moto, chifukwa kunja kukauma msanga kuposa mkati mtengo umang'aluka. Ikani pamthunzi, m'thumba pamodzi ndi zipalapala zake, kwa masiku angapo mpaka chipepuke. Chikauma, nolaninso mpeni n'kudutsamo komaliza mopepuka. Posalazidwa ndi mpeni wakuthwa pamakhalabe posalala ngakhale patatsukidwa. Ngati mukugwiritsa ntchito sandipepa, nyowetsani chipangizocho, chiume, n'kukwechanso kachiwiri, apo ayi chidzamera timaubweya tsiku loyamba kutsukidwa. Ena amapala ndi chidutswa cha botolo. Ife sitikulimbikitsa zimenezi, chifukwa galasi limacheka zala ndipo tizidutswa take timatsalira pabwalo pomwe ana amayenda opanda nsapato.

Osema ziboliboli ena amapaka polishi ya nsapato kuti katundu awale. Zimenezo ndi za zokongoletsera m'nyumba. Pa mthiko, chipande ndi supuni musapake polishi, vanishi, penti kapena oyilo ya galimoto. Zisiyeni momwe zilili, kapena pakani mafuta ophikira pang'ono n'kupukuta bwinobwino. Uzani ogula kuti azitsuka n'kuumitsa, osasiya m'madzi usiku wonse, ndipo chikang'aluka achisiye chifukwa m'ming'alu mumabisala zotsalira za chakudya. Tikumbutsanenso ngati alimi kuti mthiko wa kukhitchini si wosakanizira mankhwala opopera mbewu kapena othira m'chimanga.

Ngozi ikachitika

Ngakhale wosamala tsiku lina amadzicheka. Ikani mpeni pansi, kanikizani balalo ndi nsalu yoyera, kwezani dzanja m'mwamba, ndipo musamasuzumire mpaka patatha mphindi 10. Magazi akasiya, tsukani ndi madzi aukhondo ndi sopo n'kumanga ndi nsalu yoyera. Musathire dothi, ndowe, phulusa, fodya, petulo kapena zakuda za m'mabatire. Tizilombo toyambitsa kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kafumbata amapha.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati magazi akutumpha kapena sakusiya, ngati bala layasama, ngati chala chachita dzanzi, kapena ngati chikukanika kupinda kapena kuwongoka. Chala chokanika kupinda chimasonyeza kuti mwina mtsempha wokoka chalacho waduka, ndipo mukachedwa chikhoza kuuma mpaka kale. Bala likayamba kutupa, kutentha kapena kutuluka mafinya, musadikire. Mukafika, funsani za katemera wa kafumbata. Amayi ambiri amalandira katemerayu kusikelo akakhala oyembekezera, koma abambo ambiri sitikumbuka n'komwe kuti tinabayitsa liti, chonsecho ndife okhalira kusewera ndi zitsulo ndi dothi.

Zoti tichite pamodzi

Kwa makalabu, tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, kalabu yomwe ikufuna kuyamba ntchitoyi isonkhe ndalama zogulira mwala wonolera, mpeni wokhota ndi kabokosi ka mabandeji, zoti onse azibwerekana. Chachiwiri, pezani mmisiri wa m'dera lanu aphunzitse achinyamata, koma aphunzitse magwiridwe tatchulawa asanawaphunzitse liwiro. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayi ndi atsikana asatsalire poganiza kuti kusema ndi kwa abambo okha. Mpeni amaugwira tsiku ndi tsiku, chipande chabwino amachidziwa kuposa ife tonse, ndipo mabanja ambiri m'makalabu athu akuyendetsedwa ndi amayi. Chachitatu, musanaike mtengo wogulitsira, werengani masiku omwe mwagwira, ulendo wa kumsika ndi tikiti ya msika. Mukasonkhanitsa katundu wa kalabu yonse, munthu mmodzi n'kupita naye kumsika, ulendo umatsika mtengo ndipo simupikisana nokhanokha. Mangani mthiko, chipande ndi supuni pamodzi ngati mphatso ya paukwati. Funsaninso makomiti a sukulu, a mipingo ndi a maliro ngati akufuna mithiko ikuluikulu.

Kwa a ofesi ya za nkhalango, pempho lathu ndi loti mufotokozere alimi momveka, m'chilankhulo chawo, zomwe munthu ayenera kukhala nazo akamapita kumsika ndi zinthu zosemedwa kuchokera ku mitengo yake, kuti wosamala mitengo asamaoneke ngati woononga nkhalango. Kwa alangizi ndi mabungwe omwe amalimbikitsa ntchito zamanja ngati njira yopezera ndalama, tikuti musamagawe zida popanda kuphunzitsa kagwiridwe kake. Kwa a zaumoyo, mukamayendera midzi muzikumbutsanso abambo za katemera wa kafumbata.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Aliyense wosema adzale gwafa, mango kapena malaina m'malire a munda wake ndi pakhomo, ndipo adule nthambi mosamala, ndi chida chakuthwa, osang'amba khungwa, kuti mtengo upole n'kuphukanso. Potero zipatso mudzadya, mthunzi mudzakhala nawo, ndipo zosemera sizidzakutherani.

Nthawi yabwino yophunzira ndi kuyambira mukamaliza kukolola mpaka mu Ogasiti kapena Seputembala, pamene ntchito ya kumunda yachepa ndipo simukuthamanga. Ikayandikira mvula, ophunzira aike mipeni m'chimake n'kusunga manja awo kudikira khasu. Mnzathu uja anachira ndipo akusemabe, koma tsopano amakhomerera chipande pachipika asanayambe kugoba, ndipo ndi amene amaphunzitsa achinyamata a m'kalabu mwake.

Tikamwazikana pano, tigawana m'magulu a anthu asanu asanu pansi pa mitengo apo. Aliyense alandira kanthambi ka malaina, ndipo tiyamba ndi kagwiridwe kachinayi, kokankha ndi chala chachikulu. Palibe mpikisano, ndipo palibe amene akuyenera kumaliza mthiko lero. Tikhala motalikirana, ndipo musanakankhe mpeni mudzifunse funso lija, kuti ukaterereka ukaima pati.